Mafizo a panyumba: kubwezeretsa mphamvu mutavulala popanda kuwononga ndalama

Anthu ambiri mu Blantyre muno amavulala m'njira zofanana: kugwa pa kabaza, kuterereka pa mtsetse wa ku Ndirande kapena ku Chilobwe mvula itagwa, kubinya phazi pa mpira wa Loweruka, kapena msana kugwira ponyamula thumba la simenti. Kuchipatala amakumangani chikhakha kapena bandeji, n'kukuuzani tsiku lodzabweranso. Mukafika kunyumba abale amakuyalirani mphasa, ndipo aliyense wodzakuzondani amanena zofanana: "Muzingogona, musamadzivute." Amanena mwachikondi, koma kugona masabata 6 osatakataka kuli ndi zovuta zake. Mnofu wosagwira ntchito umayamba kuphwa pakangotha sabata imodzi kapena ziwiri, mfundo zimauma, ndipo tsiku lochotsa chikhakha munthu amadabwa kuona mwendo utaonda kuposa unzake. Fupa limakhala litalumikizana, koma mwini wake akulephera kukwera minibasi kapena kunjuta ku chimbudzi.

Akatswiri a mafizo m'dziko muno ndi ochepa. Maphunziro awo a digiri anangoyamba mu 2010 ku College of Medicine, yomwe tsopano ili pansi pa Kamuzu University of Health Sciences. Ngakhale mutapeza mwayi woonana nawo, amakuonani kwa kanthawi kochepa, masiku ena onsewo muli nokha kunyumba. Choncho kuchira kwenikweni kumachitikira pa mphasa ndi pakhonde panu, pang'onopang'ono koma tsiku lililonse.

Choyamba: funsani musanayambe

Musachoke pamaso pa dokotala musanafunse mafunso atatu. Kodi mwendowu ndingaupondere pansi, ndipo ngati ndi choncho, ndi thupi lonse kapena pang'ono chabe? Kodi ndi mayendetsedwe ati a chiwalochi amene ndi oletsedwa? Nanga chiletsocho chidzatha liti? Apempheni alembe mayankhowo m'buku lanu lakuchipatala, chifukwa munthu ukakhala pa ululu zambiri zimene wauzidwa umaiwala usanafike n'komwe pa siteji. Ku chipatala cha Queens kuli mbali yoona za mafizo, ndipo mungapemphe kuti akutumizeni kumeneko ngakhale kamodzi kokha kuti akuonetseni ndi manja zoyenera kuchita. Malo a Kachere Rehabilitation Centre ndi odziwikanso pa ntchito imeneyi, ndipo ana a mavuto a mafupa amathandizidwa ku chipatala cha Beit CURE. Ngati munachitidwa opaleshoni kapena anakuikani zitsulo, mawu a amene anakuchitani opaleshoniyo ndi amene muyenera kutsatira kuposa zonse zimene zalembedwa pano.

Masiku awiri kapena atatu oyambirira mutavulala si a mafizo amphamvu. Pumitsani chiwalocho, chikwezeni pa mapilo kuti chikhale pamwamba kuposa chifuwa, ndipo ikanipo madzi oundana okulungidwa m'kansalu kwa mphindi 15 mpaka 20, kangapo pa tsiku. Apa ndikupempheni ndithu: musalole kuthowedwa ndi madzi otentha kapena kusisitidwa mwamphamvu pa masiku amenewa. Ndikudziwa kuti ndi zimene tinakula nazo, ndipo agogo amachita zimenezi pofuna kuthandiza, koma kutentha kumakokera magazi ambiri pamalo povulalapo ndipo kutupa kumawonjezeka. Kuthowa kuli ndi nthawi yake, kutupa kukaphwa, pamene mukufuna kufewetsa mfundo youma musanayambe mafizo.

Chachiwiri: phunzirani kumvetsera ululu

Lamulo ili ndi limene lingakutetezeni pa zonse zotsatirazi. Muziyeza ululu wanu kuyambira pa 0, pamene simukumva kanthu, kufika pa 10, ululu wosapiririka. Pochita mafizo, kumva kukoka kapena kuwawa kofika pa 3 n'kwabwinobwino. Ululu wobaya, wokupangitsani kuluma mano kapena kugwira mpweya, ndi chizindikiro choti musiye pomwepo.

Yankho lenileni limabwera m'mawa wa tsiku lotsatira. Mukadzuka n'kupeza kuti kutupa kapena kuwawa kuli chimodzimodzi ndi dzulo, pitirizani. Ngati kwawonjezeka, ndiye kuti dzulo munapitirira muyeso. Musasiyiretu, koma dulani pakati zimene munachita, ndipo mudzawonjezerenso pakapita masiku awiri kapena atatu. Musamwe mankhwala opha ululu n'cholinga choti mupirire mafizo owawa, chifukwa mukatero mwatseka pakamwa mlonda amene akanakuchenjezani.

Chachitatu: sonkhanitsani zipangizo

Zonse zili m'nyumba mwanu kale. Mphasa kapena mkeka, chitenje, thaulo, mpando wolimba wosagwedera, mpini wa tsache, jumbo, ndi mabotolo a madzi. Lita imodzi ya madzi imalemera kilogalamu imodzi, choncho botolo la 500 ml ndi theka la kilogalamu, ndipo chigubu cha malita 5 ndi makilogalamu 5. Ubwino wa madzi ndi woti mumawonjezera pang'onopang'ono mmene mphamvu zikubwerera. Chinthu chimodzi chokha chimene mungafunike kukapempha ndi chubu chakale cha njinga kwa okonza njinga pamsika. Chiduleni mulitali kuti mupeze mphira uja amamangira katundu. Wopyapyala amakokeka mosavuta, wotambalala ndi wolimba.

Chachinayi: yambirani pa mphasa

Njira yoyamba ndi yophweka moti ambiri amainyozera. Mutagona chagada kapena mutakhala miyendo mutawongola, kokerani phazi kwa inu, kenako lilozetseni kutsogolo, maulendo 20, ndipo muzibwereza pafupifupi ola lililonse mukakhala maso. Akatumba a m'miyendo amagwira ntchito ngati mjigo: akamafinyika ndi kumasuka amapopa magazi kuchokera kumapazi kubwerera kumtima. Zimenezi zimaphwetsa kutupa komanso zimachepetsa chiopsezo choti magazi aundane m'mitsempha ya mwendo. Ngati kakolo ali m'chikhakha, gwedezani zala zokha, ndipo mwendo wabwinowo uzichita zonse.

Yachiwiri ndi imene ndimaiona kuti ndi yofunika kuposa zonse kwa munthu wovulala bondo kapena mwendo. Khalani pansi mwendo mutawongola, pindani thaulo n'kuliika kunsi kwa bondo. Kanikizirani bondo pa thaulolo mpaka mnofu wa pamwamba pa ntchafu ulimbe. Ikani dzanja pamenepo kuti muumve. Gwirani choncho masekondi 5, masulani, bwerezani maulendo 10, katatu pa tsiku. Woonerera sangaone chilichonse chikuyenda, ndipo mwina angaganize kuti mwangokhala, koma mnofu umenewu ndi umene umagwira bondo kuti lisagwe poyenda, ndipo ndi umene umathamangira kuphwa bondo likatupa. Masiku oyamba mungapeze kuti ukukana kulimba ngakhale mukuulamula. Zikatero limbitsani kaye wa mwendo wabwino kuti mukumbuke mmene zimamvekera, kenako yesani miyendo yonse iwiri nthawi imodzi. Ngakhale mwendo uli m'chikhakha, mungathe kuulimbitsa mnofuwu mkati momwemo ngati adokotala avomereza.

Mnofuwo ukayamba kumvera, gonani chagada, pindani bondo labwino, limbitsani ntchafu ya mwendo wovulala n'kuukweza uli chiwongokere mpaka ufanane ndi bondo linalo. Tsitsani pang'onopang'ono, osaugwetsa. Maulendo 10 akwanira.

Pofuna kuti bondo liyambenso kupindika, ikani chidendene pa jumbo pa simenti yosalala, kolekani chitenje kuphazi n'kugwira nsonga zake ziwiri. Kokerani chidendene kwa inu mpaka mumve kukoka, dikirani masekondi 10, kenako bwezani. Jumboyo imathandiza kuti phazi lizitsetsereka popanda kulimbana ndi pansi. Ikani kachizindikiro ka makala pamene chidendene chafika, kuti sabata yamawa mudzaone ngati chadutsapo.

Amene anabinya phazi azilemba m'malere ndi chala chachikulu cha kuphazi, mwendo osausuntha. Lembani dzina lanu, maina a ana anu, kenako a madera: Bangwe, Mbayani, Zingwangwa, Machinjiri. Zilembo zimenezi zimazunguza kakolo mbali zonse.

Malizani ndi kukweza chiuno: chagada, mawondo onse opinda, mapazi pansi, kwezani matako mpaka thupi liwongoke kuchokera m'mapewa kufika m'mawondo. Izi dikirani mpaka mutaloledwa kupondera.

Chachisanu: pitani pa mpando

Mutakhala pa mpando, wongolani bondo, gwirani masekondi 5, tsitsani. Zikaphweka, thirani mchenga m'sokosi, mangani kukamwa kwake, n'kuimangirira pamwamba pa kakolo ndi chitenje. Kwa kakolo, mangani mphira ku mwendo wa tebulo lolemera, kolekani phazi, n'kumakankhira kunja maulendo 15, kenako tembenukani mukankhire mkati. Kukankhira kunja n'kofunika kwambiri, poti anthu ambiri amabinya phazi likapindikira mkati, ndipo minofu ya kunja kwa mwendo ndi imene imaletsa zimenezo.

Kenako pali kudzuka ndi kukhala. Ambiri a ife timagwiritsa ntchito chimbudzi chonjuta, timaphika pa mbaula, timachapa pa beseni lili pansi. Munthu amene sangathe kutsika ndi kudzuka yekha amadalira ena pa zinthu zochititsa manyazi kupempha, ndipo ndi zimene zimawawa mumtima kuposa bala lenilenilo. Yambani ndi mpando wautali, ngakhale kuikapo pilo. Sunthirani kutsogolo kwa mpando, mapazi abwerere m'mbuyo pang'ono, weramirani kutsogolo, dzukani. Pokhala, tsikani mwapang'onopang'ono mukuwerenga mpaka 3, osadzigwetsa. Poyamba gwiritsani manja onse, kenako dzanja limodzi, kenako manja pachifuwa. Onetsetsani kuti simukuthawira ku mwendo wabwino. Thupi limachita zimenezi mwakabisira, ndiye pemphani wina aime kutsogolo kwanu aone ngati mukupendekeka. Mukafika maulendo 10 katatu popanda vuto, chotsani pilo. Kenako pezani mpando wofupikirapo, mpaka mudzafike pa kampando ka kukhitchini. Pamene mukudikira kufika pamenepo, abale akhomereni mtengo wolimba wogwirira m'chimbudzi, kapena aboole mpando wakale kuti muzikhalapo. Palibe chochititsa manyazi pamenepa, ndipo kugwa m'chimbudzi kungakubwezereni kuchipatala.

Mpando ndi malonso olimbitsira mtima pamene miyendo sikulola. Gwirani mabotolo a theka la lita, menyani nkhonya m'malere kwa mphindi imodzi, pumani mphindi imodzi, bwerezani kasanu. Mudzatuluka thukuta ndithu.

Chachisanu ndi chimodzi: imirirani

Gwirani khoma kapena pazenera, nyamukani pa zala za kumapazi, tsikani pang'onopang'ono, maulendo 15. Yambani ndi miyendo yonse iwiri, ndipo patsogolo mudzayese ndi wovulala wokha.

Kenako imani ndi mwendo wovulala wokha pafupi ndi khoma, mpaka mudzakwanitse masekondi 30. Ambiri amadumpha gawo ili chifukwa ululu umakhala utatha, ndipo ndi chifukwa chake munthu amabinya phazi lomwelo kawiri katatu. Mu mfundo muli timitsempha timene timauza ubongo mmene phazi lapondera ngakhale simukuliyang'ana. Mukavulala, uthenga umenewu umachedwa, ndipo pa misewu yathu ya miyala ndi ngalande phazi limapindika ubongo usanadziwe. Kuima ndi mwendo umodzi kumaphunzitsanso timitsempha timeneti. Chitani potsuka mano m'mawa ndi madzulo. Zikaphweka, imani pa pilo, kapena mwana azikuponyerani mpira wachikulunga inu n'kumawakha.

Sitepe ya pakhonde ndi chipangizo chinanso. Pondani ndi mwendo wovulala, kwerani, tsikani, maulendo 10, mutagwira chipilala. Koma pokwera masitepe a tsiku ndi tsiku mwendo usanalimbe, lamulo lake ndi lina: pokwera tsogozani mwendo wabwino, potsika tsogozani wovulala pamodzi ndi ndodo. Ngati mukuyenda ndi ndodo imodzi, igwireni ku dzanja la mbali yabwino, osati yovulala.

Kuyenda mu mzinda uno kumafuna nzeru, poti malo athyathyathya ndi osowa. Bondo limavutika kwambiri potsika mtsetse kuposa pokwera chitunda, choncho yambirani pabwalo la sukulu kapena la tchalitchi lapafupi, kapena ku Njamba ngati muli mbali imeneyo. Mphindi 5 mpaka 10 zakwana poyamba, ndipo muziwonjezera mphindi ziwiri kapena zitatu pakapita masiku angapo. Valani nsapato zogwira chidendene, osati masilipasi. M'miyezi ya chiperoni mfundo zimauma kwambiri m'mawa, ndiye dikirani dzuwa likwere; mu Okutobala yendani m'mamawa kapena madzulo. Bungwe la World Health Organization limalangiza munthu wamkulu kuchita masewera olimbitsa thupi mphindi zosachepera 150 pa sabata. Kumeneko ndi kumene mukulowera, osati koyambira.

Ngati mwavulala mkono kapena phewa

Mkono ukakhala m'chikhakha kapena pa nsalu yokolekera m'khosi, mfundo zimene sizinamangidwe ziziyendabe. Fumbatani ndi kutambasula zala kawirikawiri, ndipo ngati mwaloledwa pindani chigongono ndi kukweza phewa. Phewa losayendetsedwa limauma msanga, makamaka kwa achikulire ndi odwala matenda a shuga, ndipo likauma limatenga miyezi yambiri kuti limasuke.

Kwa phewa lovulala, weramani mutatsamira tebulo ndi dzanja labwino, lekani mkono wovulala ulendewere, n'kumagwedeza thupi kuti mkonowo uzizungulira wokha. Kenako gonani chagada mutagwira mpini wa tsache ndi manja awiri, dzanja labwino lizitsogolera kukweza mpiniwo kupita kumutu. Pambuyo pake imani moyang'ana khoma, zala ziziyenda kukwera m'mwamba. Ndinaona mayi wina ku Zingwangwa amene mdzukulu wake ankalemba mzere wa makala pakhoma Lamlungu lililonse pamene zala za agogo ake zafika. Mizereyo inali yothithikana, ina yosiyana ndi chala chimodzi chokha, koma inkakwera, ndipo mayiwo ankaionetsa kwa aliyense wobwera pakhomopo.

Chikhakha cha dzanja chikachoka, finyani kansalu konyowa m'beseni la madzi ofunda, sankhani nyemba, tolani zitsekerero za mabotolo, sewerani bawo ndi dzanja lovulalalo. Phada ndi wabwino kwambiri pa kufulumira kwa zala, koma muyambe ndi timiyala ting'onoting'ono.

Za msana ndinene mwachidule. Kupweteka kwa msana kobwera chifukwa chonyamula katundu nthawi zambiri kumachepa pakapita masabata ochepa, ndipo kugona kopitirira tsiku limodzi kapena awiri kumachedwetsa kuchira. Yendani pang'onopang'ono kangapo pa tsiku. Mutagona chagada, kokerani bondo limodzi pachifuwa, kenako linalo. Pindani mawondo onse n'kumawagwetsera kumanja ndi kumanzere mofatsa.

Kuti musagwe ulesi

Mafizo amatopetsa chifukwa ndi obwerezabwereza, ndipo ambiri amasiya sabata yachiwiri. Amangirireni ku zinthu zimene mumachita kale. Ngati mumamvera mpira pa wailesi, nthawi yopuma ya mphindi 15 pamene Bullets ndi Wanderers zikumenyana pa Kamuzu Stadium ndi yokwanira kumaliza zonse za pa mphasa. Madzi a nsima akamatentha, dzukani ndi kukhala pa mpando. Nyimbo ya kwaya kapena ya manganje ikalira, vinani muli chikhalire: mapewa, manja, chiuno, ndi kuwomba m'manja mpaka nyimbo ithe. Nyimbo zitatu ndi mphindi zoposa 10 mtima ukugunda bwino.

Ana ndi othandiza kuposa akuluakulu pa nkhaniyi. Mwana mukamupatsa udindo wowerenga, saiwala ndipo sakukhululukirani ngakhale kamodzi. Pikisanani naye kutola zitsekerero ndi zala za kumapazi n'kuziponya m'mbale. Anzanu a kumpingo akabwera kudzakuonani, apempheni akuperekezeni kukafika pa mpopi ndi kubwerera m'malo mongokhala m'nyumba.

Thupi likumanga fupa ndi mnofu, ndiye lipatseni zomangira: nyemba, soya, mazira, mtedza, chambiko, masamba, komanso usipa ndi matemba odyera limodzi ndi minga yake. Fodya amachedwetsa kulumikizana kwa fupa, ndipo mowa ndi ndodo siziyendera limodzi.

Zizindikiro zothamangira nazo kuchipatala tsiku lomwelo

Katumba wa mwendo akatupa mbali imodzi, n'kumatentha ndi kuwawa, musamusisite. Mwina magazi aundana mumtsempha. Mukayamba kubanika kapena kumva kupweteka pachifuwa mwadzidzidzi, musadikire kuti kuche. Zala zotuluka m'chikhakha zikachita dzanzi, kuzizira, kusintha mtundu, kapena ululu ukamakulirakulira mkati mwa chikhakhacho, pitani akachimasule. Chimodzimodzi bala likamatuluka mafinya, chikhakha chikamanunkha, kapena thupi likatentha. Kwa odwala msana, dzanzi pakati pa miyendo, kulephera kugwira kapena kutulutsa mkodzo ndi chimbudzi, kapena miyendo kufooka, ndi nkhani yofulumira nayo.

Mudziwa bwanji kuti mwakonzeka kubwerera?

Fupa la munthu wamkulu limatenga masabata pafupifupi 6 mpaka 12 kuti lilumikizane, la mkono msanga kuposa la mwendo, ndipo mphamvu zimabwerera mochedwerapo kuposa pamenepo. Kutha kwa ululu pakokha si umboni. Musanabwerere pa kabaza, ku maganyu onyamula katundu kapena pa mpira, dziyeseni poyerekeza mbali ziwiri. Muyende mphindi 30 osatsimphina, ndipo m'mawa mwake musatupe. Muime ndi mwendo wovulala masekondi 30 osagwira khoma. Munyamuke pa zala za mwendo umenewo maulendo ofanana ndi a mwendo wabwino. Mutsike sitepe pang'onopang'ono bondo osagwedera kapena kugwera mkati. Wa mpira awonjezere kudumpha ndi mwendo umodzi, kuthamanga mowongoka, kenako mokhotakhota, ndipo achite nawo zokonzekera sabata imodzi kapena ziwiri asanalowe m'masewero enieni. Wa kabaza ayambe ndi maulendo afupiafupi opanda wokwera, poti phazi lovulala ndi limene lidzafunike kuponda pansi mwadzidzidzi njinga italemedwa. Ngati chimodzi mwa zimenezi chikukanika, bwererani pa gawo limene chikuchokera, lichiteni masabata ena awiri, kenako mudziyesenso.